Mawu ndi a tonse, nanga dzina la webusaiti n'la yani?

M'malokeshoni a mu Lilongwe malonda akwera pa foni. Telala wa ku Area 23 akamaliza kusoka zovala amazijambula n'kuziponya pa WhatsApp. Wopikulitsa mtedza ku Mgona amafuna kuti ogula akunja azimupeza okha. Achinyamata odziwa kompyuta nawo akuyenda shopu ndi shopu kuuza eni ake kuti bizinesi ya masiku ano imafunika webusaiti. Mwini bizinesi akavomera, nkhani yoyamba imakhala ya dzina, ndipo ambiri amathamangira mawu ophweka amene kasitomala sangawaiwale: mtedza, kaunjika, nsomba, chisomo. Apa m'pamene pamabuka mafunso otsatirawa.

Ndimapikulitsa mtedza ku Mgona. Kodi ndingatche webusaiti yanga mtedza.mw kapena mtedza.com osalakwira lamulo?

Mungathe, ngati palibe amene anakutsogolerani, pakuti mayina a webusaiti amapita kwa wofika msanga. Mtedza ndi dzina la chinthu chimene mukugulitsacho, ndipo palibe kampani imene ingakuletseni kutchula mtedza kuti mtedza. Malamulo oteteza mayina a malonda, kuno kwathu ndi m'mayiko ambiri, salola kuti munthu mmodzi atsekere m'nyumba mwake mawu amene amalonda onse amawafuna pofotokoza katundu wawo: dzina la chinthucho, mtundu wake, kukula kwake, ubwino wake. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mawuwa atakhala a munthu mmodzi, amayi onse amene amasankha ndi kupeta mtedza pa Mgona angasowe chotchulira malonda awo.

Koma ufulu umene muli nawowo mnzanu wa pa sikelo yoyandikana nayenso ali nawo. Mawa akhoza kutsegula mtedzawabwino.mw kapena mtedzawamgona.com, ndipo simudzapeza pomugwira. Dzina lotere n'losavuta kutenga, koma kuliteteza n'kovuta kwambiri.

Ndiye kuti ndikalipira, dzinalo silikhala langa?

Limakhala lanu monga mmene malo ogulitsirapo mumsika wa Nsungwi amakhalira anu: mumakhalapo nokha malinga mukulipira, koma mukasiya pamakhala wina. Dzina la webusaiti, lija akatswiri amati domain, ndi la lendi. Mumalipira chaka ndi chaka, ndipo chimene mwapeza ndi keyala, kuti munthu akalemba dzinalo pa foni afike kwa inu. Mawuwo simunawagule.

Mayina othera ndi .mw ndi a dziko lino. Anayamba mu 1997, ndipo mu 2002 udindo wowasunga unaperekedwa ku bungwe la Malawi SDNP la ku Blantyre. Pambuyo pake lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linapatsa MACRA mphamvu pa kayendetsedwe ka mayinawa. Othera ndi .com, .net ndi .org amayendera mfundo za bungwe la ICANN, limene likulu lake lili ku America. Mukamalembetsa la .com, makina amangoona ngati dzinalo lilibe mwini, n'kulandira ndalama zanu. Safufuza ngati mukuponda chala cha munthu. Kupatsidwa dzina si umboni wakuti lamulo lili mbali yanu.

Koma ine ndili ndi satifiketi ya bizinesi yochokera kwa Registrar General. Kodi siyokwanira?

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa kaundula alipo wa mitundu itatu ndipo aliyense ali ndi ntchito yake. Woyamba ndi wa mabizinesi ndi makampani, pansi pa Business Registration Act ya 2012 ndi Companies Act ya 2013. Satifiketi yomwe yapachikidwa pakhoma la golosale yanu ija imauza boma, banki ndi a msonkho kuti bizinesiyo ilipo ndipo mwini wake ndi uje. Wachiwiri ndi wa mayina a webusaiti, amene tamukamba kale. Wachitatu ndi wa zizindikiro za malonda, zija pa Chingerezi amati trademark, ndipo ameneyu ndiye amakupatsani mphamvu yoletsa ena kugulitsa katundu wofanana ndi wanu pa dzina lofanana ndi lanu.

Lamulo lake ndi Trademarks Act ya 2018, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 October chaka chomwecho, kulowa m'malo mwa lamulo la 1957 la nthawi ya chitaganya. Chizindikiro chikalembetsedwa chimatetezedwa zaka 10, ndipo mukhoza kuwonjezera zaka zina 10 nthawi ikakwana. Chimene chimandisangalatsa m'lamulo latsopanoli n'chakuti limatetezanso mayina a ogwira ntchito zothandiza anthu, osati ogulitsa katundu okha. Wa saluni, wa galaja, wa sukulu ya mkaka, wonyamula katundu pa lole, onsewa tsopano ali ndi polowera. Pempho likalandiridwa limalengezedwa kuti amene akuona kuti dzinalo likumulanda chake atsutse.

Ena amaganiza zopita ku COSOMA. Kumeneko n'kwa nyimbo, mabuku, zithunzi ndi zaluso zina. Dzina la shopu si nkhani yawo.

Ngati mawu wamba sangakhale a munthu, nanga bwanji pali Mpamba, Kukoma ndi Chipiku?

Funso limeneli ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Lamulo silifunsa ngati mawuwo ali mu dikishonale. Limafunsa kuti mawuwo akugwira ntchito yanji pa katundu amene aikidwapo: akutchula chinthucho, kapena akuloza mwini wake?

Apple ndi chipatso, ndipo wogulitsa zipatso sangaletse anzake kutchula dzinali. Koma pa foni ndi pa kompyuta, dzinali silifotokoza kalikonse za chipangizocho. Limangoloza kampani imodzi, n'chifukwa chake lili ndi mphamvu zedi. Mayina opeka nawonso ndi olimba, monga Sobo, limene linachokera ku dzina la kampani ya Southern Bottlers. Ndiye pali apakatikati, amene amangokodola maganizo a wogula osatchula chinthucho mwachindunji. Kukoma si dzina la mafuta ophikira, koma limakukumbutsani za ndiwo zokazinga bwino. Mpamba si dzina la njira yotumizira ndalama pa foni, koma limanunkhira ndalama. Pamwamba pa apo pali zaka zambiri za kutsatsa malonda. Lero munthu wa ku Chinsapo akanena kuti "nditumizireni pa Mpamba", palibe amene amaganiza za ndalama zoyambira geni. Aliyense amadziwa kuti akunena za TNM. Mawu akafika pamenepo amakhala atapeza tanthauzo lachiwiri m'mitu ya ogula, ndipo tanthauzo lachiwirilo ndi limene lamulo limateteza.

Loyamba lija limakhalabe la tonse. Gulu la banki m'khonde ku Kawale likhoza kulemba pa webusaiti yake kuti limathandiza amayi kupeza mpamba wa bizinesi, ndipo silinalakwe. Wa shopu akhoza kulemba pa chikwangwani kuti amagulitsa pa mtengo wa chipiku, chifukwa umo ndi mmene timanenera za kupikulitsa. Mlandu umayamba pamene munthu watsegula webusaiti yotumizira ndalama n'kuitcha Mpamba, n'kuipaka utoto wobiriwira, kapena pamene wakonza dzina ndi chikwangwani kuti odutsa aziyesa kuti shopu yake ndi nthambi ya Chipiku Stores. Pamenepo sakugwiritsanso ntchito mawu a Chichewa. Akukolola pamene sanalime.

Dziwaninso kuti chizindikiro chimalembetsedwa pa gulu la katundu, osati pa chilichonse cha pansi pano. Magulu alipo 45 m'ndondomeko imene mayiko ambiri amatsata, 34 a katundu ndi 11 a ntchito. N'chifukwa chake dzina limodzi likhoza kukhala pa sopo wa kampani ina ndi pa matayala a kampani ina popanda mkangano. Mayina otchuka kwambiri okha ndiwo chitetezo chawo chimatha kudumpha malire a gulu lawo.

Ndinamva kuti ku America khoti linalola kampani kutenga mawu wamba chifukwa choti inawonjezera .com. N'zoona?

N'zoona, koma nkhani yake ili ndi mchira. Booking.com ndi kampani ya ku Amsterdam yothandiza anthu kusungitsa malo ogona. Ofesi yolembetsa zizindikiro ku America inaikaniza, ponena kuti booking ndi dzina la ntchito yomweyo, ndipo kuphatikapo .com sikusintha kanthu. Pa 30 June 2020 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera kampaniyo, oweruza 8 kutsutsana ndi mmodzi. Ruth Bader Ginsburg, amene analemba chigamulocho, anafotokoza kuti chofunika ndi mmene ogula amamvera dzinalo. Ngati akalimva amaganiza za kampani imodzi, osati za mawebusaiti onse osungitsirako malo, ndiye kuti likhoza kulembetsedwa.

Mchira wake ndi uwu: kampaniyo inavomera yokha kuti chitetezo chake chidzakhala chofooka, chifukwa ena onse akhozabe kugwiritsa ntchito mawu akuti booking pofotokoza ntchito zawo. Woweruza amene anatsutsa, Stephen Breyer, anada nkhawa kuti makampani olemera adzagwiritsa ntchito satifiketi zoterezi kuopseza ang'onoang'ono. Ine ndimaona kuti nkhawa yakeyo ndi yeniyeni, makamaka kwa anthu ngati ife. Wamalonda wa ku Area 25 akalandira kalata ya chidindo cha maloya, kawirikawiri amagonja asanafunse n'komwe ngati olembawo ali ndi mfundo, chifukwa alibe ndalama zolimbanirana nawo. Chigamulochi sichimanga makhoti a m'Malawi, ngakhale loya akhoza kuchitchula pofuna kukopa woweruza.

Ndimagulitsa masipeya a Toyota pa Biwi Triangle. Ndingaike dzina la Toyota m'dzina la webusaiti yanga?

Kunena kuti mumagulitsa masipeya a Toyota n'kunena zoona, ndipo palibe njira ina yomwe makaniko angadziwire kuti shokabu kapena fyuluta imene akufuna muli nayo. Pa chikwangwani ndi m'kati mwa webusaiti, zimenezo sizivuta. Kuika dzinalo m'keyala yeniyeniyo ndiko kumafuna kusamala.

Oweruza milandu ya mayina a .com amatsata muyeso umene unachokera pa mlandu wa kampani ya makina osindikizira ya Oki Data mu 2001. Wogulitsa katundu wa kampani ina akhoza kusunga dzina lotere ngati akugulitsadi katunduyo, ngati pa webusaitiyo pali katundu wa kampani yokhayo, ngati walemba poonekera ubale wake weniweni ndi eni dzinalo, ndiponso ngati sanakokolole mayina onse ofanana nalo kuti eni ake asowe polowera. Chachiwiricho ndi chimene chingagwetse ambiri pa Biwi, chifukwa shelefu imodzi imakhala ndi za Toyota, za Nissan, za Mazda ndi zina zopanda dzina. Kukoka kasitomala ndi dzina la kampani imodzi n'kumugulitsa za ina ndiko kumene muyesowu umakana. Nzeru yabwino ndi kutcha webusaiti dzina la shopu yanu, mitundu ya magalimoto n'kuilemba m'kati.

Mkangano ukabuka, amaweruza ndani, ndipo amayang'ana chiyani?

Pa .com, .net ndi .org pali ndondomeko yotchedwa UDRP, imene ICANN inakhazikitsa mu 1999. Aliyense wolembetsa dzina amaivomera, ngakhale ambiri timangodina osawerenga. Milandu yambiri imapita ku bungwe la WIPO ku Geneva, ndipo zonse zimachitika polemberana, popanda kukwera ndege. Wodandaula ndiye amalipira, madola 1,500 ngati woweruza ali mmodzi. Ayenera kuonetsa zinthu zitatu pamodzi: kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake mpaka kusokoneza, kuti amene analitengayo alibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, ndiponso kuti analilembetsa n'kumaligwiritsa ntchito ndi mtima woipa. Chimodzi chikasowa, mlandu wagwa. Akapambana, dzinalo amapatsidwa kapena limafafanizidwa. Chipukuta misozi kumeneko kulibe.

Milandu iwiri ya m'chaka cha 2000 imaonetsa bwino pamene pali malire. Woimba wa ku Britain wotchedwa Sting anafuna kulanda sting.com, koma analephera. Sting ndi mawu wamba a Chingerezi, ndipo amene anali ndi dzinalo anali atakhala akudzitcha choncho kwa zaka zambiri pa masewero a pa kompyuta. Woimba Madonna anapambana pa madonna.com, ngakhale nalonso ndi liwu la mu dikishonale, chifukwa amene analigula pa madola 20,000 anaikapo zolaula ndipo analephera kufotokoza chifukwa china chomwe analisankhira kupatula kudyera kutchuka kwa woimbayo. Mawu onse awiri ndi wamba. Chinasiyanitsa ndi cholinga cha munthu ndi zimene anaika pa webusaitiyo.

Kuno kwathu, wolembetsa dzina la .mw awerenge mfundo zimene akuvomera, chifukwa m'menemo ndimo mumalembedwa njira yothetsera mikangano. Makhoti nawonso ndi otsegula: nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda ili ndi ofesi mu Lilongwe momwemuno. Ndipo ngakhale munthu amene sanalembetse chizindikiro chake akhoza kusuma, pogwiritsa ntchito mfundo yakale ya malamulo amene tinatengera ku England, yoletsa kugulitsa katundu wako monamizira kuti ndi wa mnzako. Kungoti ayenera kubweretsa umboni wakuti dzinalo anthu amalidziwa kuti ndi lake, kuti ogula akusokonezeka, ndiponso kuti akutaya malonda. Malisiti akale, zithunzi za chikwangwani zokhala ndi deti, mauthenga a makasitomala amene anasochera, zonsezi zimasanduka chuma pa tsiku limenelo.

Dzina langa ndine Chisomo, ndipo mashopu otchedwa Chisomo ali mbwee. Wina akalembetsa, enafe tifufute zikwangwani?

Ayi, si msanga choncho. Munthu amene amachita malonda moona mtima pa dzina lake lenileni, makamaka ngati anayamba kale wolembetsayo asanabwere, amakhala ndi poimira. Chitsanzo chodziwika ndi cha Uzi Nissan, wamalonda a makompyuta ku North Carolina, amene analembetsa nissan.com mu 1994 chifukwa limenelo linali dzina la makolo ake. Kampani ya magalimoto ya Nissan inamusumira mu 1999, mlandu unatenga zaka zambiri, koma dzinalo silinachoke m'manja mwake. Anapambana, komabe zaka ndi ndalama zimene zinapita pa mlanduwo si zimene wa okala ku Chinsapo angakwanitse. Ngati dzina lanu ndi la anthu ambiri, liphatikizeni ndi china chake chimene chili chanu chokha, kuti kasitomala asakusokonezeni ndi Chisomo wa kuseri kwa msika.

Kodi anthu akunja angatenge mawu athu a Chichewa n'kutiletsa kuwagwiritsa ntchito?

Chizindikiro chimagwira ntchito m'dziko limene chalembetsedwa. Satifiketi ya ku America kapena ku China siingatseke shopu ku Kawale. Wakunja wofuna chitetezo kuno ayenera kulembetsa kuno, kapena kudzera ku bungwe la ARIPO ku Harare pansi pa mgwirizano wa Banjul umene Malawi ali m'menemo kuyambira 1997, kapena kudzera mu mgwirizano wa Madrid umene dziko lino linalowa mu December 2018. Njira zomwezo ndi zotseguka kwa Mmalawi wofuna kuteteza dzina lake kunja.

Vuto limaoneka pamene katundu wathu wadutsa malire. Anzathu a ku South Africa anazionera pa tiyi wawo wa rooibos. Dzinali linalembetsedwa ku America mu 1994 ngati chizindikiro cha kampani, ndipo ogulitsa tiyi weniweniyo anayamba kuuzidwa kuti asalitchule popanda chilolezo. Zinatheka kulimasula mu 2005 pambuyo pa kulimbana kwakukulu, ndipo mu 2021 mayiko a European Union anavomereza kuti rooibos ndi dzina la tiyi wochokera kudera lake ku South Africa basi. Lamulo lathu la 2018 lili ndi gawo loteteza mayina a katundu wodziwika ndi dera lochokera. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi chambo cha m'nyanja yathu ndi zinthu zimene ndimalakalaka alimi, asodzi ndi boma atazikhalira pansi msanga, pakuti dzina likapita kunja, kulibweza kumadya ndalama zambiri kuposa kuliteteza lisanapite.

Za keyala ya pa intaneti ndiye palibe choletsa munthu wa ku London kulembetsa liwu lililonse la Chichewa pa .com. Mayina afupiafupi ndi malonda aakulu: voice.com inagulidwa madola 30 miliyoni mu 2019. Kusunga mawu wamba n'cholinga chodzagulitsa si mlandu pakokha. Kumakhala mlandu ngati mwalondola dzina la kampani inayake kuti mudzaikame.

Alipo mawu amene ndi oletsedweratu?

Alipo. Lamulo la Protected Flag, Emblems and Names Act la 1967 limateteza mbendera, chizindikiro cha boma ndi mayina ena okhudza dziko kuti asagwiritsidwe ntchito pa malonda popanda chilolezo, choncho funsani kaye musanaike mawu omveka ngati a boma m'dzina lanu. Mayina othera ndi .gov.mw ndi a maofesi a boma okha. Ndipo wotsegula webusaiti yofanana ndi ya banki kapena ya kampani ya mafoni kuti azibera anthu manambala achinsinsi, wake si mkangano wa mayina ayi. Ndi wakuba, ndipo nkhani yake ndi ya apolisi.

Ine webusaiti ndilibe, ndili ndi tsamba la Facebook ndi TikTok basi. Zikundikhudza?

Zikukukhudzani, mwinanso kuposa a mawebusaiti. Lamulo loletsa kusokoneza ogula silisankha malo. Kuwonjezera apo, makampani amenewa ali ndi mafomu awoawo odandaulira, ndipo mwini chizindikiro akadandaula, tsamba likhoza kutsekedwa popanda kupita kukhoti, pamodzi ndi anthu onse amene munavutikira kuwasonkhanitsa.

Nanga ndichite chiyani ndisanalipire mnyamata wokonza webusaiti uja?

Yambani mwalemba dzinalo pa Google ndi pa Facebook, muone amene akuligwiritsa ntchito kale ndi malonda amene akuchita. Ngati bizinesi yanu mukuionera patali, kafufuzitseni m'kaundula wa zizindikiro kwa Registrar General musanasindikize majumbo ndi zikwangwani. Kalata yoopseza ikadzabwera, musaing'ambe ndiponso musathamangire kupereka dzinalo. Funsani nambala ya chizindikiro chawocho, dziko limene chinalembetsedwa ndi gulu la katundu wake, kenako mukaonane ndi loya. Musayankhe potchula mtengo woti akugulireni dzinalo, chifukwa kalata yoteroyo akhoza kukaipereka ngati umboni wakuti munalitenga n'cholinga chowakama.

Koma anthu ambiri amene amataya mayina awo sawataya kwa makampani akuluakulu. Amawataya chifukwa wokonza webusaiti analembetsa dzinalo m'dzina lake, ndi imelo yake, ndi nambala yake. Mukadzasemphana pa malipiro, kapena iye akadzapita ku Joni n'kusintha nambala, m'kaundula mwini wake amakhala iyeyo, ndipo uthenga wokumbutsa kulipira chaka chotsatira umapita kwa iye. Khalani naye pambali pamene akulembetsa. Pamalo a mwini alembe dzina lanu kapena la bizinesi yanu, imelo ikhale imene inu mumatsegula, pasiwedi muisinthe nokha iye akamaliza, ndipo lisiti ndi tsiku lodzalipiranso muzilembe m'kope momwe mumalemba ngongole za makasitomala.